Tsiku Limene Ndinakhala Malemu Bambo Anga

Anzanga, ine cholinga changa chinali chabwino, Mulungu ndi mboni. Ndinkangofuna kupulumutsa laini ya foni ya mayi anga, basi, palibenso china.

Mayi amakhala ku purazi ina, famu ya kupitirira Mvurwi, kuno ku Zimbabwe, komwe malemu bambo anga, a Jailosi Mbewe, anagwira ntchito ya fodya moyo wawo wonse atachoka ku Dedza. Kumeneko netiweki silowa m'nyumba za anthu ayi, imakhala pa chulu chimodzi kuseri kwa dibi la ng'ombe, ndipo ukafuna kuyankhula umakwera pachulupo, kuyang'ana kum'mawa, dzanja m'mwamba ngati ukulumbira m'khoti. Ine kuno ku Mufakose, mu Harare, ndimaimba Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, iwo n'kukhala atakwera kale.

Ndiye Lolemba lina mameseji anayamba kugwa m'mafoni a anthu. Akuti lamulo latsopano, laini iliyonse mwini wake apite yekha ku ofesi ndi chitupa chake akadzionetse, apo ayi Lachisanu atseka. Pa wailesi ankati aboma akufuna kuthana ndi akuba a pa foni, ndiponso akadziwa anthu enieni amene ali kumidzi adzawamangira nsanja za netiweki. Zabwino ndithu! Koma laini ya mayi inalembedwa m'dzina la bambo, ndipo bambo tinawaika m'manda zaka zisanu zapitazo. Mayi eni ake chitupa alibe, anabadwira pa purazi pomwepo, mapepala awo akhala akuwayendera mpaka nsapato zinatha.

Lachiwiri anandiimbira, mawu akudukaduka ndi mphepo.

"Lameki, akuti atseka! Mlongo wako ku Joni adzandipeza bwanji? A ku kiliniki amandikumbutsa za mankhwala a bipi pa nambala yomweyi. Ine nambala ina pa ukalamba uno sindingaiike m'mutu!"

"Mayi, musadandaule, ndikonza."

"Ukonza bwanji?"

Ndisanayankhe netiweki inathawa, ndipo zinandikomera.

Masiku awiri amenewo ndinali ngati munthu wakhala pa linthumbu. Ndikakhala pansi ndaimirira, ndikatuluka panja ndabwerera, tiyi kumwa woiwala shuga. Lachinayi masana ndikusanthula m'chitini cha mapepala a malemu, chinagwa pansi kuti ngwe! Chitupa cha bambo, chachitsulo, cha makedzana. Chithunzi chake chinafufutika kale moti pamenepo akhoza kukhala aliyense, kaya m'busa, kaya mbuzi yovala tayi. Ndinachiyang'ana, nacho chinandiyang'ana. Kodi si anthu onse amati ine ndi bambo mphuno ndi imodzi? Nanga akuti mwini wake abwere yekha, bwanji osawabweretsa?

Mkazi wanga, Mai Tendai, ndi Mshona wa ku Murewa, Chichewa amayankhula koma chokhota pang'ono. Atamva pulani yanga anaika mbale pansi.

"Baba Tendai, bwanji osangopita kukafunsa kaye kuti zikatere amatani?"

"Kufunsa n'kudziulula, mayi. Ukangoti munthu anamwalira, amatseka pompo iwe uli chiimire."

"Wakuuzani ndani?"

"Ndikudziwa basi."

Palibe anandiuza. Ine sukulu ndinalekeza fomu thu, koma zinthu zimene sindikuzidziwa ndimazidziwa mwamphamvu kwambiri.

Lachisanu chakumasana ndinavala jekete lachikopa la bambo limene ndinalandira pogawa zovala za malemu, chipewa chawo cha nthenga, thalauza kulikokera mpaka pachifuwa. Ndodo ndinazula mpini wa tsache. Za imvi ndinatenga phulusa la m'mbaula, kusakaniza ndi mafuta odzola, kupaka m'mutu monse, m'ndevu, m'nsidze momwe. Nditadziyang'ana pagalasi ndinatsala pang'ono kudzigwadira. Mai Tendai anangoti, "Mupereke moni kumeneko," n'kutseka chitseko.

Ndinatuluka ndikutsimphina bwinobwino mwendo wamanzere. Kufika pamsewu ndikuona kombi ikunyamuka, ndipo inu mukudziwa za makombi a ku Mufakose Lachisanu, ikakusiya wasiyidwa. Ndinapana ndodo kukhwapa, liwiro! Ndinadumpha ngalande, kudutsa azimayi a tomato, kuigwira ikuyenda. Hwindi, kondakitala wa kombiyo, bambo wamimba yake amene masiku onse amandikankha ngati thumba la makala, anandiyang'ana kukamwa yasa.

"Sekuru, mumadya chiyani?" Sekuru ndiye agogo m'Chishona.

"Therere, mwanangu," ndinatero ndi mawu onjenjemera, kwinaku ndikupumira m'mwamba. Anandikhazika kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Chibadwire sindinakhalepo pampando umenewo, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ukalamba ndaupeza mochedwa. Potsika m'tauni ndinatsimphina mwendo wamanja. Ndinazindikira nditayenda kale mtunda, ndiye pofuna kukonza ndinayamba kutsimphina yonse iwiri, anthu n'kumandipatukira.

Pa ofesi ya kampani ya mafoni mzere unali wautali, kuzungulira nyumba mpaka kuseri. Ine mtima unakhala pansi, chifukwa pulani yanga inali yoti ndiloweze zonse za pa chitupa ndili pamzere, nambala yake, tsiku lobadwa, zonse. Ndangoima kumene, ndisanatulutse n'komwe chitupacho, mlonda wa pakhomo wafika.

"Aa, sekuru! Dzuwa lonseli? Okalamba saima pamzere, tiyeni."

"Ayi mwanangu, ndimakonda kuima."

"Sizingatheke."

"Adokotala anati ndiziima!"

Anandigwira mkono mwaulemu koma mwamphamvu, kundidutsitsa anthu onse aja, ena mpaka kumandidalitsa, n'kukandikhazika pa desiki ya mayi wina wa magalasi, wankhope yosaseka. M'kati munali motentha, mafani atazima, ine m'jekete lachikopa mwezi wa Okutobala. Mukuona kumene tikupita?

Anandilonjera m'Chishona, ine kuyankha mokhosomola. Anatenga chitupa, kuchitembenuza, kundiyang'ana, kuyang'ananso chitupa.

"Dzina?"

"Jailosi Mbewe." Pamenepo ndinakhoza.

"Munabadwa chaka chanji, sekuru?"

Anzanga, pakamwa ndi pachabe. Munthu wakhala ukutchula chaka chimodzi moyo wako wonse, ku chipatala, ku ntchito, kupolisi, lilime limangopita lokha. Ndinatchula changa.

Mayi uja anatsitsa magalasi. "Ndiye kuti chitupachi munachitenga musanabadwe?"

"Ukalamba, mwanangu. Zaka zimasakanikirana. Chimenecho ndi chaka chimene ndinabadwanso mwatsopano, ku tchalitchi."

Sanaseke. Analemba kenakake pa kompyuta. "Vulani chipewa, ndikujambuleni."

Ndinavula. Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'kati mwa chipewamo thukuta linali litaphika phala. Phulusa ndi mafuta zija zinasungunuka, imvi theka zinatsala m'chipewa, theka zinayamba ulendo wotsika, kudutsa pamphumi, kulambalala diso, n'kudzadontha pa desiki kuti tho! Tonse awiri tinayang'ana dontholo. Ine ndinalipukuta ndi mkono wa jekete, kupukutanso kumaso, pamenepo ndiye nsidze imodzi inachita mdima, inzake ikadali yokalamba.

"Mankhwala a mutu," ndinatero. Sanandifunse, koma ndinatero.

"Chabwino sekuru. Chatsala chimodzi. Foni ya laini imeneyi ili kuti?"

"Ili ndi akazi anga, ku purazi."

"Tiwaimbire atsimikize."

Apa ndinamwetulira m'mimba. Purazi yathu? Lachisanu masana? Netiweki ya pachulu? Imbani mpaka Yesu adzabwere! Ndinatsamira mpando, mwendo pa unzake, kuiwala kuti ndine wodwala nyamakazi.

Inangolira kamodzi.

"Halooo! Lameki?"

Kani mayi anali atakwera pachulu kuyambira m'mawa kudikira kuti ndiwauze ngati ndakonza, ndipo sanali okha, purazi yonse inali pomwepo, aliyense ndi kafoni kake m'mwamba kuona ngati atsekeredwa. Komanso mayi makutu anayamba kuvuta, foni amaiika pokweza nthawi zonse. Kuno nako mayi wa magalasi anadina pokweza n'kuiika pa desiki pakati pathu.

"Amayi, kuno ndi ku ofesi ya mafoni ku Harare. Tili ndi amuna anu pano, a Jailosi Mbewe, abwera kudzalembetsa laini."

Ndinkamva mphepo yokha ndi ng'ombe ikulira patali.

Kenako, "Mayo ineee! Jailosi! Wadzuka! Anthuni, a Mbewe ali ku Harare!"

Pachulu ponse panabuka chiphokoso, wina kuyamba nyimbo ya maliro, wina kukuwa kuti aitane abusa, ndipo ndinamva bwinobwino nkhalamba ina ikuti, "Ndinanena ine kuti bokosi lija linkapepuka!" Mayi akulira, "Zaka zisanu osandiimbira, Jailosi, kukafikira ku ofesi! Wavala chiyani? Wadya?"

M'ofesi monse anthu anasiya zimene ankachita. Mlonda uja anasendera pafupi. Ine ndinaganiza za bipi ya mayi, pamwamba pa chulu, ndipo mantha a polisi anachepa, anakula a mayi. Ndinawerama pafoni n'kunong'ona mwachangu m'Chichewa chathu, poti apa ndi pa Harare, ndani angamve?

"Mayi, khalani chete, ndine Lameki. Ndavala jekete la bambo, ndikuwapusitsa awa kuti asatseke laini. Ingovomerani kuti ndine amuna anu."

Mayi wa magalasi anavula magalasi aja, kuwaika pa desiki pang'onopang'ono, n'kuyankha m'Chichewa chosalala kuposa changa.

"Achimwene, mukupusitsa ndani?"

Kani agogo ake ndi a ku Tete, iye anakulira ku Epworth, konkuno ku Harare. Pa madesiki onse a m'Harare muno, mlonda anakandikhazika pa ameneyo!

Ku foni kulira kunaleka ngati atseka mpopi. "Lameki? Ndiwe? Iwe galu iwe! Ine ndivomere kuti ndiwe mwamuna wanga, pamaso pa purazi yonse? Jekete limenelo ndinakupatsa kuti uzipita nalo ku tchalitchi!" Pachulu kuseka kunamveka mpaka foni kunjenjemera pa desiki. M'ofesi amene ankamva Chichewa anayamba kumasulira anzawo, ndiye kuseka kunkabwera m'magulumagulu, uku kukatha kwayamba uko, mpaka panja pamzere.

Ine ndinangoti, "Mundimanga?"

"Ndikanafuna ndikanaitana apolisi pa chaka chobadwa paja," anatero. Kenako analoza khoma kuseri kwanga. "Mumatha kuwerenga?"

Panali chipepala chachikulu ngati chitseko, m'Chingerezi ndi m'Chishona. Ngati mwini laini anamwalira, wachibale abwere ndi kalata ya imfa ndi chitupa chake, laini isinthidwe dzina. Basi! Kalata ya imfayo inali m'chitini chomwe chija, ndinachita kuisuntha ndi dzanja langa pofuna kutenga chitupa.

"Timatseka folo koloko," anatero. "Mukachedwa, laini ya mayi anu yapita. Thamangani, sekuru."

Anzanga, mpini wa tsache ndinausiya pomwepo. Ndinathamanga m'tauni monse jekete likuuluka, nkhope ngati khoma lodontha, kombi yoyamba yodzaza, yachiwiri yodzaza, yachitatu ndinakhala pa injini matako akupsa. Kunyumba Mai Tendai anali atakhala pakhonde kalata ya imfa ili pamiyendo, chitupa changa pamwamba pake, beseni la madzi ndi sopo pambali. Mayi anali atawaimbira kale. Ndinasamba kumaso kokha, kubwerera, kufika mlonda akukoka chitseko. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achinyamata kumbuyo kwa mzere," anatero, kenako anaphulika kuseka n'kundilowetsa.

Ntchito yake sinatenge ngakhale nthawi yomwera kapu ya tiyi. Laini inalowa m'dzina langa, nambala yomwe ija, ndipo Lamulungu nditaimba inalira bwinobwino. Anayankha ndi mayi ena oyandikana nawo nyumba, ndinawamva akukuwa kuchokera pachulu, "Anaphiri, thamangani, malemu akuimba!" Mayi anauza anthu awasinthire dzina langa m'foni, pano ndikaimba pamatuluka kuti Malemu, ndipo akayankha sanena moni, amangoti, "Kumanda kwacha bwanji?"

Ndiye ndalumbira, anzanga. Lamulo lina likadzatuluka, kaya la mafoni, kaya la mawailesi, ndidzayamba ndawerenga makoma onse a ofesi ndisanadzutse munthu aliyense. Ndipo ndawauza kale Mai Tendai kuti tsiku langa likadzafika, chitupa changa adzachiike m'bokosi momwemo, akhomere bwino, chifukwa ana anga nawonso mphuno ndi yomweyi.