Chuma cha Mlamu wa Meja ku Ngong

Anthu amati Chiswahili ndi Chichewa n'pachibale. Chibale chimenecho chinandiwotcha maso.

Ndine msilikali, ndipo ananditumiza kuno ku Nairobi kudzachita kosi. Yunifolomu tsiku lina umaivula, choncho ndinkalingalira zoyamba digiri ya zachuma ya pa intaneti kuti pambuyo pake ndidzalowe sukulu ya bizinesi. Mayeso olowera anali Lamlungu, pa laputopu. Chinatsala ndi chilolezo cha Meja wa ku Kenya amene amatiyang'anira, kuti ndizipeza mpata wophunzira.

Meja amalankhula Chingerezi, inenso ndimachitha. Koma ndinafuna kuwagometsa (matama ndi matenda anga akalekale). Ndinamenya saluti n'kuponya Chiswahili changa chotola m'maminibasi a kuno otchedwa matatu:

"Afande, nataka kusoma mambo ya chuma."

Ndinkatanthauza kuti bwana, ndikufuna kuphunzira zachuma. Nkhope yawo inawala. Anati Loweruka anditengera ku Ngong kwa mlamu wawo, munthu wodziwa chuma kuposa aliyense m'tauni imeneyo.

Loweruka ndinatchena suti ndi tayi, laputopu m'khwapa. Meja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Galimoto inadutsa banki ina, inadutsanso ina, n'kukaima kuseri kwa msika pomwe bambo wina, mlamu wawo uja, ankawotcherera geti. Apa m'pamene zinandifika m'mutu kuti chuma m'Chiswahili ndi chitsulo.

Munthu wanzeru akanafotokoza pomwepo. Koma msilikali sauza Meja kuti wamva molakwika, makamaka Meja amene wawotcha mafuta ake chifukwa cha iwe. Ndinavula jekete, mlamu uja n'kundigwiritsa ntchito tsiku lonse. Magalasi akuda anandipatsa ndithu, koma ndinkangowakankhira pachipumi kuti ndione bwino (ndinkati munthu wozolowera moto wa mfuti sangaope timoto tothetheka pageti).

Lamlungu ndinadzuka m'maso muli ngati athiramo mchenga, misozi ili chuchuchu. Nditatsegula laputopu kuwala kwake kunandibaya, moti ngakhale dzina langa sindinathe kuliwerenga. Nthawi ya mayeso inatha ndili chagada, thaulo lonyowa kumaso. Kunena zoona zinandiwawa kwambiri, chifukwa mayeso ena ndi chaka chamawa, ndipo zaka sizikundidikira.

Lolemba ndinalumbira kuti ndikaulula zonse m'Chingerezi chomveka bwino. Meja anandipeza tikuchoka pa pelete.

"Iwe wa ku Malawi, chuma chinayenda bwanji?"

Ndinangomva pakamwa panga payankha pokha: "Nzuri sana, Afande." Kutanthauza kuti zinayenda bwino kwambiri.

Anandigwira paphewa mokondwa n'kunena kuti chilolezo chatheka: ndizipita ku Ngong Loweruka lililonse mpaka kosi ithe.

Phunziro lake ndikulidziwa, kuti kwa bwana uzilankhula chilankhulo chimene ungathe kudzipulumutsa nacho. Kungoti sindinapezebe mtima woligwiritsa ntchito. Pakadali pano tili pa mafelemu a mawindo.