Pepani Kuti Sitinagonje

Kwa Wapampando,
Komiti Yosankha Matimu,
Ligi ya Mpira ya Makoleji Oyima Paokha,
Dubai.

Wolemekezeka Bwana Wapampando,

Ndabwera mogwada, chipewa chili m'manja. Dzina langa ndi Stafford Chimutu, mlonda wa pageti la nyumba ina yosungiramo katundu ku Jebel Ali. Madzulo ndimaphunzira pa Bright Ladder College, kakoleji kaja ka pamwamba pa shopu ya matayala ku Al Qusais, ndipo Lamlungu m'mawa ndimakhala kaputeni wa timu yake ya mpira. Ndalemba m'Chichewa chifukwa makalata anga a Chingerezi simunayankhe, ndiye ndaganiza kuti mwina vuto ndi chilankhulo.

Cholinga changa ndi kupepesa. Timu yathu yapambana masewero ake onse chaka chino. Sitinagonje, sitinalepherane ndi aliyense, ndipo palibe anatimwetsa ngakhale chigoli chimodzi. Sitinkadziwa kuti umenewu ndi mlandu. Tadziwa sabata yathayi pomwe komiti yanu inatulutsa mayina a matimu anayi okalimbirana chikho, ife n'kusapezekapo. Ndikanakhala chete, koma akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lolani tsono ndithokoze zifukwa zimene munapereka, chimodzichimodzi.

1. Mwati sitinakumane ndi matimu amphamvu. Izi n'zoona, bwana. Tinagonjetsa koleji ya ophika, ya ometa tsitsi, ya oyendetsa mafokolifiti ndi ena a msinkhu wathu. Amene anatisankhira anthu amenewa ndi komiti yanu, ndipo ife chifukwa cha umbuli tinkangomenya aliyense amene mwatitumizira. Tikanadziwa, tikanawabweza pageti. Ntchito imeneyo ndiye ndimaidziwa.

2. Timu yamphamvu imodzi munatipatsa ndithu, ya yunivesite ya Golden Crest. Tsikulo tinadzuka m'bandakucha n'kusesa bwalo lathu ku Sonapur, kumene timagona ife antchito, lija la mchenga, la pakati pa khoma ndi poimika mabasi a kampani. Basi yawo inafika, yoyera mbee. Anyamata aja anasuzumira pamawindo, anaona magolo athu a mapaipi, anaona ifeyo, basi n'kutembenuka injini isanazime n'komwe. Inu munalemba kuti masewerowo alephereka chifukwa cha kutentha. Zikomo kwambiri potidziwitsa kuti kuno kumatentha. Ife timagwira ntchito panja, ndiye nkhani zotere zimatipita.

3. Golden Crest yomweyo yagonja katatu, koma ili m'gulu la anayi aja. Mwatifotokozera kuti inagonja kwa matimu olemekezeka, ndipo kugonja kotero kumalemera kuposa kupambana kwathu. Apa ndiye ndaphunzira zambiri. Ndawauza anyamata kuti chaka chamawa tidzayesetsa kugonja, kungoti sitikudziwa kuti tidzagonja bwanji kwa anthu amene satsika basi.

4. Mwatinso matimu anayiwo amaoneka bwino m'maso mwa komiti. Sinditsutsa, pakuti maso ndi anu. Ndingokumbutsa modzichepetsa kuti masowo sanafikepo ku Sonapur. Majezi athu ndi mavesiti onyezimira a kuntchito, amene anapangidwa dala kuti munthu azioneka ali patali, ngakhale pafumbi. Oyendetsa malole amationa. Komiti yokha ndiye sinathe.

5. Pomaliza mwati fainolo imafuna timu yokhala ndi ochemerera. Apa mwatigwira pakhosi. Wochemerera wathu wamkulu ndi Mayi Selina, amene amalera ana m'nyumba ya bwana wina ndipo tsiku lawo lopuma limadalira kuti madamu adzuka bwanji. Ndiwo anasokerera manambala pamavesiti athu. Masewero amaonera pafoni, ali kukhitchini, ndipo tikagoletsa amalulutira chamumtima kuti mwana wa eni angadzuke. Ndikuvomereza kuti nthungululu zotere sizingadzaze bwalo.

Tsopano, bwana, ndisiye manambala ndinene za munthu mmodzi. Goloboyi wathu ndi Bambo Potiphar Zulu, a ku Katete kwa anansi athu a ku Zambia. Ndi munthu wa imvi kale, ndipo anabwera kukoleji kwathu kudzaphunzira zamagetsi kuti akapite kwawo ndi kanthu m'mutu. Masana amagwira ntchito kukampani yosamalira kapinga, ndipo kwa zaka zoposa khumi malo awo a ntchito akhala bwalo la Golden Crest, lomwelo limene mukachitirepo fainolo. Kapinga amene mumamuyamikira pazithunzi uja amathirira ndi iwo. Mizere yoyera amajambula ndi iwo, maukonde amapachika ndi iwo. Kuponda amapondapo tsiku lililonse, atakoka paipi ya madzi, koma mpira sanaugwirepo pamenepo ngakhale kamodzi, chifukwa malamulo salola wantchito kusewera pamalo a ntchito.

Kontrakiti yawo yatha. Kampani yati khalas, ndiko kuti basi zatha, ndipo tikiti yawo ndi ya m'mawa wake wa fainolo. Mlendo ndi mame, tonse timadziwa, ndipo iwo sakudandaula. Koma chaka chonsechi akhala akudziponya pamchenga wotentha, zigongono zonse zili mabala, chifukwa tinawalonjeza kuti tikapambana masewero onse akagwerako pa kapinga wawo asanakwere ndege. Ndinawalonjeza ndine, nditawerenga malamulo anu mpaka kumapeto. Sindinkadziwa kuti kuseri kwa malamulo kuli komiti. Tsiku limene mayina anatuluka ndinawauza m'basi. Anangovula magolovesi amene anali atawapachika m'khosi n'kuwaika m'chikwama. Zinandiwawa, bwana, ndipo zikundiwawabe. Ndanena zimenezi popanda nthabwala.

Sindikupempha kuti muchotse timu ina. Ndine ndani ine? Makolo a anyamatawo anagula kale zovala za tsikulo. Pempho langa ndi laling'ono. Tsiku la fainolo ambiri a ife tidzakhalapo ndithu: ena pageti, ena kutola mabotolo, Bambo Zulu kupachika maukonde komaliza. Akatswiri anu akalandira chikho n'kujambulitsa mokwanira, tikupempha kuti mmodzi wa iwo, amene mumamudalira kwambiri, atsalire pang'ono. Aike mpira pamalo omenyera penate, Bambo Zulu aime pagolo ndi ovolosi yawo yomweyo. Amenye kamodzi kokha. Magetsi mukhoza kuzimitsa, mavesiti athu amawala okha.

Akagoletsa, mudzakhala mwatithandiza kwambiri. Tidzakhala tagonja kwa timu yolemekezeka, ndipo mwa masamu anu tidzayenera chikho chaka chamawa. Komanso Bambo Zulu adzapita kwawo atadziwa mmene mpira umatoledwera mu ukonde, pakuti chaka chonse akhala akungomva kwa anzawo.

Bambo Zulu akaugwira, musade nkhawa. Mukhoza kulemba kuti kunatentha.

Ine wanu wosagonja, koma wofunitsitsa kuphunzira,

Stafford Chimutu
Kaputeni, Bright Ladder College