Suti ya a Mangulenje

Khalani pansi adzukulu, mwambi uwu unayamba motere, ndipo anauyambitsa ndi mlamu wanga, a Mangulenje, telala wa ku Limbe. Munthuyu ndimamukonda, koma kunenerera kunali ngati matenda. Pa kaunjika ankanamizira kuchoka kuti wogulitsa awaitanenso, ndipo zinkawayendera.

Mwana wawo yekhayo, Mwaiwawo, ankakwatiwa ku Joni, ndipo anapempha kuti bambo ake adzamuperekeze m'tchalitchi. A Mangulenje anadzisokera suti, nkupita kukagula tikiti ya ndege.

Nthawi imeneyo makampani awiri a ndege ankalimbirana anthu, maofesi awo atayang'anizana pamsewu. Yakale inkapatsa okwera chakudya ndi bulangeti. Yatsopano inali yotchipa, koma ngakhale madzi akumwa unkagula wekha. Ina ikatsitsa mtengo, inzake inkatsitsanso.

A Mangulenje anafunsa mtengo ku yakale, anagwedeza mutu, nkuwoloka msewu. Ku yatsopano anachitanso chimodzimodzi. Mmawa mwake anapeza konse atsitsa.

"Mwaona, Nabanda?" anauza akazi awo. "Akundiopa. Ndikangotembenuka, mtengo ukugwa."

"Gulani, bambo. Ndege si malaya a kaunjika."

Iwo anangoseka. Sabata zinatha akuwolokawoloka, mpaka alonda a mbali zonse anawadziwa dzina. Mtsikana wa ku yatsopano anawachenjeza kuti mipando ikutha, koma iwo anati amalonda onse amatero.

Kutatsala pang'ono ukwati, anavala suti ija kuti akagule mwaulemu. Ku yakale anawauza kuti ndege yadzaza. Anathamangira ku yatsopano, nakonso yadzaza. Anayamba kubwerera pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, kudikira kuti wina awaitane. Palibe anawaitana. M'malo mwake kunagwa chimvula, chinawapeza pakati pa msewu, osadziwa khonde lothawira.

Anafika kunyumba suti ikudontha, nkupeza Nabanda akulongedza chikwama. Mayiwo anali atagula tikiti yawo tsiku loyamba lomwe, osauza munthu.

Ukwati a Mangulenje anauonera pa foni, misozi ili mbwembwembwe, ndipo kunena zoona nanenso ndinalira. Mwaiwawo anawakhululukira, poti bambo ake ankawadziwa. Koma Nabanda, amene anakulira m'mapiri a ku Dedza, atabwerako anaona suti ija itakwinyika pachingwe, nati:

"Bambo, ndinakuuzani ine. Mapanga awiri avumbwitsa."