Ziganizo za a Filipo

Lolemba

Juni wafika ndi chisanu chake, zala zikukana kugwira choko. Kalata ya Agnesi ndikuiwerenga kachitatu. Agnesi, kamtsikana kamene ndinkakaphunzitsa Sitandade 5 kuno ku Bembeke, kokhala kutsogolo chifukwa cha maso, lero ali kutsidya kwa nyanja, akuphunzitsa makina otchedwa kompyuta kuphwanya ziganizo.

Akuti makinawo nzeru alibe, chimene ali nacho ndi kumvera. Umawapatsa malamulo: chiganizo ndi mwininkhani ndi mneni, mneni akhoza kukoka pamtherankhani, ndi ena otero. Iwo amayenda ndi mawu amodziamodzi n'kumamanga mtengo wozondoka, tsinde kumwamba, nthambi pansi. Akasochera amabwerera pamphambano n'kuyesa njira ina. Mtengo ukakana kumangika, amati chimenecho si chiganizo.

Pempho lake: malamulo a Chichewa, pamodzi ndi ziganizo zoyesera zochokera m'kamwa mwa anthu, osati za m'buku. Pa chilichonse ndilembe wonena, msinkhu wake ndi mudzi wake. Ndiponye papositi Lolemba likudzali.

Envulopu ili ndi guluu wamitundu iwiri. Wina waiwerenga ndisanaiwerenge mwini wake. Ndiyenera kuchenjera.

Zofunika:
kope latsopano
makadi odula ku katoni ya choko, lamulo limodzi pa khadi limodzi
a Filipo

A Filipo ndi telala wa pamsika, mnzanga kuyambira tili ana otumikira pa Misa. Munthu ameneyu akayamba chiganizo akudula kolala, amakachimaliza akusokerera mabatani. Makina amene angaphwanye chiganizo cha a Filipo angaphwanye chilichonse.

Lachiwiri

Ndaweruka, ndili pakhonde la a Filipo, kope pabondo. Amuna asanu ndi mmodzi, bawo ili mkati. Zokolola zochuluka!

A Filipo: "Mbuzi imene inadya kabichi amene analima mlamu wanga amene anakwatira mkazi amene anathawa ku Mayani uja, yafa."

Mtima wanga ukuvina. Chiganizo m'kati mwa chiganizo, ngati madengu olowetsana. Pafunika lamulo lodziitana lokha.

Chinanso, a Filipo omwewo: "Akazi athu akhala akuyeserera magule a chipani milungu itatu, kachewere akuwolera m'munda, ndiye tidzadya nyimbo."

Ndikuwapempha abwereze pang'onopang'ono. Akubwereza akuseka. Ndikufunsa zaka zawo, ndikulemba. Ndikufunsa mkulu wina wogulitsa kachewere amene anavomereza kuti "eya" dzina la mudzi wake, ndikulembanso.

Mwadzidzidzi pakhonde pali zii. Ngakhale nkhomo za bawo zikugwa mwaulemu. Ndikuyang'ana uku ndi uku. Palibe chikaiko, pakati pathu pali kazitape.

Lachitatu

Kuno kompyuta kulibe, choncho makinawo ndine. Ndayala makadi patebulo. Ndikuyesa chiganizo cha mbuzi kuyambira kumwamba kutsika: ndasochera kanayi, ndabwerera pamphambano kanayi. Ndikuyesa kuyambira pansi kukwera: nthambi zamangika, koma mlamu uja watsala yekha pakona pa tebulo, alibe pogwira. Mayi a kunyumba akuti tebulo limeneli analigulira mbale, osati mlamu wa a Filipo.

Madzulo, pakhonde. Anthu atatu okha. A Filipo akupalasa makina awo osokera mwamphamvu ngati akukwera chitunda. Ndikawafunsa za mbuzi ija akuti, "Inafa basi."

Kale sizinali chonchi. Ndikukumbukira tili anyamata, tikutsika phiri ndi mitolo ya nkhuni, a Filipo akunyoza aliyense kuyambira sakirisitani mpaka galu wa abambo mfumu, ine ndikuseka mpaka mtolo kugwa. Amene watseka pakamwa pa munthu wotereyu ndimupeza.

Owakayikira, ndawalemba pomwepo ndikuwayang'anitsitsa mmodzimmodzi:
wogulitsa kachewere uja, nsapato zatsopano wazitenga kuti?
mesenjala wa papositi, chifukwa cha guluu
a katekisiti, amafunsa kwambiri za moyo wa anthu

Wa kachewere wanyamuka osatsanzika. Mwaona?

Lachinayi

Zachilendo. Lero anthu akulankhula, koma mokweza, ndiponso moyang'ana ine. Mayi wogulitsa tomato, amene dzana ankatukwana msewu, akuti, "Msewu wathu ndi wabwino, aphunzitsi." Wa kachewere wabwera dala kudzandiuza kuti nsapato anamupatsa ndi malume ake, ndipo malumewo khadi la chipani ali nalo. Ndalemba zonse. Ziganizo zake n'zoonda, nthambi ziwiri, nthambi zitatu, ngati mitengo ya pamsewu yodyedwa ndi mbuzi.

Choopsa ndi ichi. Wapampando wa chipani m'dera lathu, munthu amene zaka zonsezi sandiyankha moni, wandiimitsa pa chitsime, wandigwira dzanja ndi manja awiri. Akuti monong'ona, "Ntchito yanu taimva. Ife tili bwinobwino kuno, mukanene choncho."

Taimva! Ndiye kuti kalata ya Agnesi yafika mpaka kwa iwo. Kope ndalibisa m'nkhokwe, kenaka ndalichotsa poopa mbewa, kenaka ndaliika m'malaya. Ndikuyenda nalo pachifuwa, dzanja lili pomwepo. Anthu akundipatukira njira.

Lachisanu

M'mawa ndikufotokozera mayi a kunyumba za owakayikira anga atatu. Akumvetsera akusenda kachewere. Ndikamaliza akuti, "Bambo a Tereza, kazitape mukumusakayo amavala juzi imene ndinaluka ine."

Akuti kuchigayo amayi anasiya kuwakhalira pafupi kuyambira Lachitatu. Akuti mudzi wonse ukudziwa kuti ndimalandira makalata a kunja, ndimalemba zonena anthu, mayina, zaka ndi midzi. Ndikuti ndi za sayansi. Akuti, "Mukawauze a Filipo sayansiyo."

Ndapita. Ndatsegula kope pa makina awo kuti aone okha kuti mulibe choipa. Mitengo yozondoka, mivi, zilembo zikuluzikulu. Ndikufotokoza za lamulo lodziitana lokha. Iwo sakuyang'ana mtengo. Chala chawo chaima pa chiganizo cha magule, pamene pali dzina lawo, zaka zawo, mudzi wawo, m'zilembo zanga zokongola za uphunzitsi.

"Zimenezi zikupita kuti?"

Kunja, kwa Agnesi.

"Podzera papositi?"

Ndatseka kope. Ine amene Lolemba ndinanunkhiza guluu wa envulopu ngati galu wa alenje, ndinali pafupi kumata mnzanga m'envulopu ina n'kumuperekeza ndekha.

Loweruka

Masamba onse a Lachiwiri ndang'amba ndi kuponya pamoto wophikira phala. Mbuzi, mlamu, mkazi wa ku Mayani, magule, zonse. Chiganizo chokoma chotere sindidzachipezanso. Mndandanda wa owakayikira nawo wapsa, ndipo a katekisiti andikhululukire.

Ndapita pakhonde chimanjamanja, nditanyamula buluku long'ambika ngati chifukwa. Ndatulutsa matumba a jekete kuti onse aone. Ndalengeza kuti masamba a m'kope aja ndatentha. Wa kachewere akuuza mnzake, osati motsitsa kwenikweni, "Olemba m'kope ndi ophunzira ntchito. Akakhwima amasunga m'mutu."

A Filipo asoka bulukulo bwino kwambiri, mzere wowongoka. Zaka makumi anayi akhala akunditchula Chimutu, ngakhale pamaso pa ana a sukulu, ngakhale tsiku la ukwati wanga. Lero pondipatsa buluku akuti, "Nali, bwana."

Ndikuganiza kuti akudziwa kuti sindine kazitape. Koma akudziwanso kuti ndine chitsiru chokhala ndi cholembera, ndipo masiku ano kusiyana kwake n'kochepa.

Lamulungu

Ku Misa benchi yathu inali ndi malo ambiri. Potuluka a Filipo andigwira dzanja, akuti, "Tadzuka bwino, kaya inu." Mawu anayi. Apita.

Masana ndayala makadi komaliza. Ziganizo zimene zatsala, zoti zikhoza kudutsa papositi popanda kupweteka munthu:
Tili bwino.
Msewu wathu ndi wabwino.
Malume ali ndi khadi.
Mbuzi inafa.

Zonse zadutsa. Kuyambira kumwamba zadutsa, kuyambira pansi zadutsa, osasochera, osabwerera pamphambano ngakhale kamodzi. Malamulo anga alibe cholakwa. Lamulo lodziitana lokha lija silinagwire ntchito, ndalibweza m'katoni.

Agnesi ndamulembera kuti mayina sindinaike chifukwa inki inachepa. Ndi mwana wa konkuno, amva. Makina ake ndiwo sadzamva. Adzaphunzira kuti Achewa a ku Dedza amalankhula mwachidule, ndipo zonse zili bwino.

Mawa ndikaponya kalatayi, ndikakhala pakhonde paja manja ali poyera, mawa ndi mkuja ndi mtondo, mpaka tsiku limene a Filipo adzaiwale n'kundinyozanso.