Mandasi Anga ndi Mbale za Eni Ake

Lolemba

Lero ndayamba geni. Gulu la amayi a pamsika kuno ku Lungwena landibwereka malo pabenchi, pakati pa wa tomato ndi wa usipa. A tcheya akuti: "Benchi si lopumirapo, mayi aphunzitsi. Mukapanda kugulitsa beseni lathunthu pofika Loweruka, malowo tipatsa wina."

Wailesi ikuti amayi a timabizinesi ndiwo anyamula chuma cha dziko. Ine ndanyamula mandasi makumi anayi, onse oyeza ndi kapu imodzi. Atatu opindika ndawasiya kunyumba.

Wagula ndi namwino yekha. Awiri.

Lachiwiri

Anthu akuyang'ana beseni, kenako akutembenuza nkhope. Kwathu ku Ntcheu mandasi sawona dzuwa la masana. Chavuta n'chiyani? Kufunsa ndikuchita manyazi. Kuno ndangotha masabata atatu, bambo akunyumba, aphunzitsi eniakewo, nawo ali kumaphunziro kuboma.

Zoti ndikonze:
shuga
nsalu yovundikira
mawu anga

Ndayesa kuitanira malonda. Yatembenuka ndi mbuzi.

Lachitatu

Shuga ndawonjezera. Nsalu ndachapa kawiri. Zikhadabo ndawenga.

Agogo ena aima, anunkhiza, akuti: "Mwanawe, ukutiyesa," n'kuthawa. Kodi mafuta ndi oipa? A tcheya adutsa, asuzumira m'beseni, n'kupitirira.

Lachinayi

Abiti Juma, oyandikana nawo nyumba, andipeza ndikukanda ufa m'mamawa.

"Aa, mayi aphunzitsi, palibe wakuuzani? Ndi Ramadani, tikusala kudya. Kazingani masana, mupite nawo dzuwa likapendeka, anthu agule omasulira."

Masiku atatu ndakhala ndikununkhiritsa mandasi pamphuno za anthu anjala! Lero sindituluka.

Lachisanu

Ndakazinga masana. Ndikumanga nsalu kuti ndinyamuke, Abiti Juma afika ndi mbale ya futali. Akuti mwezi uno anansi amagawana. Mbale ya mwini sibwerera yopanda kanthu, amayi anandiphunzitsa. Ndaikamo mandasi asanu.

Kenako mbale ina. Inanso. Zakwana zisanu ndi imodzi.

Pamsika ndafika ndi otsala ochepa, atha ndisanakhale pansi. Anthu akufunsa ena. A tcheya akuti: "Pofuna anthu, inu mulibe. Mawa ndiye mawa."

Loweruka

Ufa womaliza. Ndatseka mawindo kuti fungo lisatuluke, utsi wandiliza. Nzeru yanga: kutulukira kuseri, osayang'ana munthu.

Kuseriko ndapeza amayi atakhala kale pamthunzi, mbale za zakudya pamiyendo. Khumi ndi mmodzi. Abiti Juma anawauza kuti mandasi anga ndi ofewa ngati thonje.

Wina akuti: "Musavutike kubweza kanthu, mlongo." Wonena choncho ndiye woyamba kumuikira.

Pakamwa panga pakana kunena kuti ndi ogulitsa. Beseni latha bwinobwino, pakhomo pomwe.

Lamulungu

Pochokera kutchalitchi ndadzera pamsika. Pamalo panga pakhala mayi wa zitumbuwa. Mawu ake akumveka mpaka kuchigayo.

M'nyumba muli:
futali, miphika iwiri
mpunga wamafuta
phala la mpunga
usipa wotendera

Bambo abwera, avundukula zonsezi, akuti: "Geni ikuyenda, eti?" Ndangowapatsa supuni.

Abiti Juma akufunsa pampanda ngati ndidzakazinge pa Idi. Ndavomera. Chuma cha dziko chiyambe chadikira, ndili ndi mbale za eni ake zoti nditsuke.