Ainjiniya Atatu M'siling'i ya ku Mirdif

Pulani yonse inabadwira pa kakafiteriya ka ku International City mu Dubai, pakati pa timakapu titatu ta tiyi wa karaki. Anaibereka ndi Potiphar wa ku Chipata, amene anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anakonzapo ketulo. Ketuloyo sinawirenso, koma dzina linakhala.

"Mverani, anyamata," anatero Injiniya. "Ku Mirdif kuli nyumba ikufuna kugulitsidwa. Eni ake ali kunja. Lolemba kukubwera woyendera nyumba kudzaona mapaipi, magetsi ndi denga asanaiike pamsika. Ife timutsogolere."

"Ndiye atitsegulira ndani?" anafunsa Conrad, chimunthu chonenepa chotchedwa Bigi, mlonda wa ku Jebel Ali wodziwa kugona chiimire.

"Mudala, mu Dubai muno munthu wovala chisoti ndi jekete lowala safunsidwa mafunso. Amapatsidwa madzi ozizira. Tikalowa, mawotchi odula a mwini nyumbayo, khalas, ndi athu basi!"

Wachitatu, Maulidi, dalaivala yemwe ankadzitcha yekha Ndege, anamenya tebulo. "Dilu yabho iyi, aise!"

Lolemba m'mawa, dzuwa la Ogasiti litayamba kale ukali, akatswiri athu anagogoda. Anatsegula ndi mayi wovala mpango kumutu, wofatsa nkhope. Injiniya anamulonjera m'Chingerezi chopunduka, mayiyo n'kungogwedeza mutu.

"Wa ku Uganda uyu," Injiniya anauza anzake. "Ndamuonera mayendedwe. Lankhulani momasuka."

Mayiyo anali Mariamu wa ku Machinga, wantchito wa m'nyumbamo kwa zaka zisanu ndi zitatu.

Ntchito inayamba. Ndege anayeza filiji ndi tepi, m'litali ndi m'lifupi. Bigi anagogoda khoma n'kuikapo khutu ngati dokotala. Injiniya anatsegula mpopi, nanunkhiza madzi, n'kulemba zinazake papepala.

"Mawotchi aja ali kuti?" anatero Bigi mokweza.

"Sakani m'zipinda," anayankha Injiniya. "Akasowa adzagwira wantchitoyu."

Mariamu anamva zonse. Anali yekha, amuna atatu, ndipo ana ake awiri kumudzi amaphunzira ndi ntchito yomweyi. Sanakuwe. Anawatsogolera kuzipinda zapamwamba, nawalozera kachitseko ka m'siling'i, n'kuwauza m'Chingerezi kuti aone paliponse kupatula mmenemo, chifukwa ndi mosungira zinthu za bwana.

Atatuwo anayang'anana. Makwerero anapezeka msangamsanga.

"Ndikwera ine, inu dikirani," anatero Injiniya.

"Kuti ubise awiri m'sokosi? Tonse!" anatero Ndege.

Anakwera onse. Bigi anachita kukokedwa manja kuti mimba idutse. Mariamu anachotsa makwerero mwaulemu, nakawagoneka kukhitchini, n'kuimbira apolisi.

Mmwambamo munali fumbi, mapaipi ndi kutentha kophikira mkate. Wotchi ngakhale imodzi. Asanayambe kutukwanana, belu la pakhomo linalira.

"Shiii! Tsekani kachitseko!" ananong'oneza Injiniya.

Wobwerayo anali woyendera nyumba weniweni, Lennah wa ku Lusaka, atanyamula kamera yoonera kutentha, imene imaulula madzi odontha kuseri kwa khoma. Mariamu anamunong'oneza zonse. Lennah anaganiza pang'ono.

"Apolisi ali m'njira? Basi, ine nipitilize nchito."

Analozetsa kamera kudenga. Pagalasi panaoneka zinthu zitatu zofiira psu, zitagwada pamitanda, chimodzi chikudzikupiza ndi chisoti.

"Amayi," anatero Lennah mokweza m'Chinyanja, "nyumba iyi ili na makoswe akulu maningi. Uyu wapakati afunika achepetseko biriyani."

"Wonenepa ndani?" Bigi anabangula m'siling'imo.

"Khala chete, chitsiru iwe!"

Injiniya anamuponyera khofi mumdima, n'kumenya Ndege. Ndege anadzandira, nagwira lamba wa Bigi. Bigi anachotsa phazi pamtanda, n'kuponda pa siling'i yeniyeni.

Phwaaa!

Anatsika onse atatu limodzi ndi theka la denga, n'kugwera m'bafa la madamu, Bigi pamwamba. Fumbi litachepa anaoneka oyera mbee, maso okha akuphethira.

"Mwatsika bwino, achimwene?" anafunsa Mariamu m'Chichewa chosalala.

Injiniya analavula laimu. "Mesa ndinu a ku Uganda?"

"Pa Ntaja, bambo. Mwina mayendedwe ndi amene anasintha."

"Mlongo, ndife amodzi," anadandaula Ndege kunsi kwa Bigi. "Tikambirane."

"Mukakambirana nawo awo akuimika galimoto panjapo."

Apolisi anawatulutsa m'bafamo mmodzimmodzi, Injiniya akufotokozabe kuti kugwako kunali kuyesa mphamvu ya denga. Mwini nyumba ataimba foni, anathokoza Mariamu mpaka mawu kusasa, ndipo analonjeza kuti ku nyumba yatsopano apita naye.

Lennah anamaliza ntchito yake osasiya chipinda n'chimodzi chomwe. Mu lipoti analemba kuti mapaipi ali bwino, magetsi ali bwino. Atafika pa siling'i anayang'ana chibowo chija nthawi yaitali, kenako analemba: "Imanyamula anthu awiri. Wachitatu ayi."