Nkhondo ya Chidindo cha pa Tsaya la Bambo Thovu

Tcherani khutu, inu nonse amene munakhalapo pampando kudikira nkhani za pa kanema n'kupirira malonda onse obwera patsogolo pake, pakuti ndikufuna kusimba za masiku akulu aja, chaka chimene makanema anakula kufanana ndi zitseko nayamba kuonetsa ngakhale kachiphuphu ka pamphuno ya wowerenga nkhani, chaka chimene m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala munabuka nkhondo imene ogulitsa matayalawo amaikamba motsitsa mawu mpaka lero. Magazi sanakhetsedwe, ndivomereretu, koma tiyi anatayika kawiri, ndipo anthu awiri a banja limodzi anakhala masiku anayi osapatsana moni.

M'chipindamo munali thebulo lalitali, ndipo pathebulopo pankalamulira Woumba, Mkango wa Dongo, Woyendetsa Zosayenda, Iye Amene Sayetsemula Pafupi ndi Ntchito. Ntchito yake inali yopanga malonda a pa kanema ndi tianthu ta dongo, dongo la m'sitolo lija losauma. Ankasuntha mkono wa kamunthu pang'ono chabe, mtunda wa kambewu ka mpunga, n'kujambula chithunzi, kusunthanso, kujambulanso. Zithunzi khumi ndi ziwiri zinkapanga sekondi imodzi, ndipo tsiku likamuyendera bwino ankapita kwawo atapha masekondi awiri. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma munthu uyu anali atawaona kalekale masowo, atawerenganso ndi nsidze zomwe. Chinthu chimodzi chokha padziko chinkamunyoza, ndicho kamakina ka pakhomo kotsegula chitseko munthu akaikapo chala. M'mawa uliwonse kankamukana, ndipo iye ankati ndi nsanje ya makina basi.

Mwana wake wokondedwa anali Bambo Thovu, kamunthu ka msinkhu wa kapu ya tiyi, kamimba kali patsogolo, kamene kankatsatsa sopo pogwera m'beseni n'kutulukamo kakuimba. Ana m'misewu ankayesera kayendedwe kake, amayi ankasiya mbale m'madzi kudzakaonera. Pa tsaya lake lamanzere panali chidindo cha chala chachikulu, mizere yozungulira bwinobwino, imene inkanjenjemera akamaimba ngati tsayalo lili ndi moyo. Woumba anachiona koyamba zaka zitatu zapitazo, ndipo sanachifute. Anati ndi siginecha yake, umboni wakuti dzanja la munthu linapita pamenepo, ndipo ankachikonda kuposa satifiketi yopachikidwa kukhoma.

Kumbali ina ya chipindacho, kumene kunkawomba fani, kunkakhala mlamu wake, mwamuna wa mchemwali wake, amene Woumba anamutcha Kambewa chifukwa dzanja lake silinkachoka pa kambewa ka kompyuta. Uyunso sanali munthu wamba: Mfuti ya Magetsi, Wofufuta Mawaya, Mbuye wa Mabatani Zana. Anabwera pakampanipo zaka zitatu zapitazo, ndipo ntchito yake inali kulumikiza zithunzi za Woumba, kuchotsa timawaya tochirikiza tianthu, ndi kuikamo nyimbo. Pamwamba pa onse awiri panali Achemwali omwewo, eni kampani, okhala kuseri kwa chitseko chagalasi ndi mafoni awiri.

Tsono Lolemba lina m'mawa, malonda atsopano atatha, zithunzi mazana atatu ndi makumi asanu ndi limodzi, Woumba anakhala pansi ndi kapu m'manja kuti aone thukuta lake la masabata asanu. Bambo Thovu anagwera m'beseni, anatuluka, anayamba kuimba, koma tsaya lake linali see ngati dzira. Chidindo kunalibe. Munthu wina anali atachifuta chithunzi ndi chithunzi, mazana atatu onse ndi makumi ake, ndi khama limene mfiti yomwe ikanalisirira. Apa ndi pamene tiyi anatayika koyamba.

Anaimirira Mkango wa Dongo, apuloni ili pamimba, nayenda masitepe asanu ndi awiri olekanitsa maufumu awiriwo, nati: "Alamu, ndinakulandirani m'banja muno ndi manja awiri. Pa ukwati wanu ndinanyamula mipando makumi anayi ndekha. Tsiku limene galimoto lanu linafa pamlatho, amene anakankha ndine. Lero mwalowa m'nyumba ya mwana wanga ndi kumusenda nkhope. Ndiuzeni pamaso pa fani uyu ndi ketulo iyi: tsaya lija linakulakwirani chiyani?"

Kambewa anatembenuza mpando wake wamatayala mwaulemu wonse, naloza kumwamba ndi chala chake chachikulu chokhala ndi chipsera cha chitini cha nsomba, nayankha kuti iye anangochita zimene munthu aliyense wanzeru akanachita. "Alamu, tikugulitsa sopo. Sopo! Munthu wotuluka m'beseni ali ndi litsiro patsaya akuuza dziko lonse kuti sopoyo sagwira ntchito. Kale makanema anali aang'ono, zinkabisika. Lero agogo omwe akutha kuwerenga mizere ija ali kukhitchini."

Mawu akuti litsiro anamulasa Woumba pamtima, moti anayamba kufotokoza mbiri ya dongo kuchokera pa chilengedwe cha munthu, ndipo akanafika mpaka pa chigumula chikhala kuti chitseko chagalasi sichinatseguke. Achemwali anatuluka foni ili kukhutu, namvetsera mbali zonse ndi khutu lotsalalo, nagamula mwachidule. Lachisanu kukubwera Mayi wa Sopo, mwini fakitale, ndipo adzaonetsedwa malonda onse awiri, a chidindo ndi osalala. Akasankha osalala, ndiye kuti dongo lilibenso ntchito, pakuti kompyuta ikhoza kupanga Bambo Thovu wosalala m'masiku awiri m'malo mwa masabata asanu. Thebulo lalitali lidzatsitsidwa pansi, ndipo achimwene adzapatsidwa mpando wabwino woyankhira mafoni.

Masiku anayi otsatira alembedwa m'mbiri ndi zilembo zakuda. Woumba anamata tepi pansi kuchokera kukhomo kukafika pawindo, ndipo malire atadulidwa zinapezeka kuti ketulo yagwera kwa Kambewa, shuga kwa Woumba, kotero kuti wina ankamwa tiyi wowawa, wina madzi ozizira otsekemera, aliyense nkhope ili gwa ngati akumva kukoma. Lachiwiri Woumba anaumba kakhoswe kovala magalasi nakaimika pamalire, kakuyang'ana kwa adani. Lachitatu Kambewa anatembenuzira fani kukhoma, ndipo kutentha kwa magetsi ojambulira kunafewetsa kakhoswe kaja mpaka kanagwada. Woumba analingalira zozula waya wa kompyuta, koma anakumbukira kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali mchemwali wake wa bere limodzi. Tiyi wachiwiri anatayika Lachinayi, pa nkhondo yolimbirana supuni.

Koma tisabise, ngwazi yathu inali ndi mantha. Masana a Lachinayi, mlamu atatuluka, Woumba anakhala pathebulo lake n'kumayang'ana tizitseko, timabeseni ndi timatawulo tonse timene anapanga ndi manja ake pa zaka makumi atatu, ndipo mtima unamuwawa zedi. Sankadziwa ntchito ina iliyonse. Anayesa kudziyerekeza akunena kuti "dikirani pang'ono ndikulumikizeni" tsiku lonse, ndipo misozi inalengeza. Anapukuta maso ndi apuloni, nawongola kachipewa ka Bambo Thovu kamene sikanali kopindika n'komwe.

Lachisanu linafika, ndipo Mayi wa Sopo anakwera masitepe akupuma mwamphamvu, chikwama chachikulu chili m'khwapa, fungo la mandimu likuwatsogolera. Anawakhazika pampando wabwino patsogolo pa kanema wamkulu wobwereka, ndipo Kambewa, monga mwini mabatani, anayamba ndi malonda ake. Bambo Thovu wosalala anagwa, anatuluka, anaimba. Mayiwo anaonera mpaka kumapeto osaphethira, kenako anafunsa ngati munthuyo wadwala, pakuti ankaoneka ngati wachokera kuchipatala kumene. Ataonetsedwa achiwiri, anaseka mpaka chikwama chinagwa, nalamula kuti aimitse chithunzi ndi kukulitsa tsaya lija.

Tsaya linakula mpaka kudzaza kanema yense, ndipo Mayi wa Sopo analoza nati: "Ichi ndiye ndimalipirira ine. Ndikamuona munthu ameneyu zala zimandiyabwa, ndimafuna nditamugwira. Anthu akudziwa kuti winawake anamukhudza, ndipo sopo ndi nkhani ya manja, si ya magalasi. Chala chimenechi n'cha ndani? Ndikufuna ndimugwire chanza."

Apa Woumba anadzuka pang'onopang'ono monga adzukira wopambana, nakonza kukhosi, nakweza chala chake chachikulu kumwamba kuti mibadwo ichione. Mawu anali atawakonza kuyambira Lachiwiri. Koma asanatsegule pakamwa, maso ake anagwera pa kanema paja, ndipo anaona chimene sanachionepo pa kamunthu ka msinkhu wa kapu: pakati pa mizere yozungulira ija panadutsa mzere umodzi wowongoka, wakuya, ngati pamene panapita mpeni. Anatsitsa chala chake nachiyang'anitsitsa. Chinali chosalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha, chopanda chipsera, chopanda ngakhale mzere umodzi, pakuti dongo la zaka makumi atatu linali litadya yonse. Pamenepo anamvetsa chifukwa chake kamakina ka pakhomo kankamukana. Atatembenuka anapeza Mbuye wa Mabatani Zana atabisa dzanja lamanja m'khwapa, akuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani.

"Alamu," anatero Woumba ndi mawu otsika, "tatulutsani dzanjalo."

Dzanja linatuluka, ndi chipsera chake cha chitini cha nsomba. Ndipo Kambewa, Mfuti ya Magetsi, anaulula zonse mutu uli pansi. Kuyambira sabata yake yoyamba pakampanipo, masana aliwonse Woumba akapita kukadya, iye ankawoloka chipinda n'kukaima pathebulo lalitali. Poyamba ankangoyang'ana. Koma tsaya lija linali lonenepa, lofewa, ndipo tsiku lina chala chinangopita chokha. "Ndimangomutsina pang'ono, alamu, kamodzi patsiku. Ndayesetsa kusiya, zikukanika. Tsiku lonse ndimagwira zinthu zosagwirika, ndiye uyu yekha ndi amene amabweza chala. Makanema atakula ndinadziwa kuti chipserachi chindigwiritsa, n'chifukwa chake ndinafuta."

Woumba anali atapambana, thebulo lake linali litapulumuka, koma siginecha imene anainyadira zaka zitatu, imene anaimenyera nkhondo ndi kumwera madzi a shuga, inali ya mdani wake. Zinamupweteka, ndipo kwa kanthawi anafuna kukwiya. Koma atayang'ana munthu wamkulu wamagalasi ataima ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'chitini cha shuga, anazindikira kuti pa onse okonda Bambo Thovu m'dziko, wokonda kwambiri ankakhala masitepe asanu ndi awiri kuchokera pathebulo lake. Kuseka kunamuyambira m'mimba, ndipo anagwira dzanja la mlamu wake nalipereka kwa Mayi wa Sopo, nati chanza chija agwire ichi, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Pangano la mtendere linachitika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, ndi ulemerero umene sunaonekepo pamwamba pa sitolo ya matayala. Tepi ya malire inamatulidwa ndi anthu awiri, wina uku wina uku, mpaka anakumana pakati. Ketulo ndi shuga zinagwirizanitsidwa pamaso pa mboni. Ogulitsa matayala anaitanidwa kuchokera pansi, ndipo mmodzi wa iwo analiza hutala ya njinga katatu. Kambewa anavekedwa udindo wa Wotsina Tsaya Wamkulu, ndi ufulu wotsina kamodzi patsiku, Woumba ali pomwepo, wotsinayo atasamba m'manja ndi sopo wa mayi aja. Kakhoswe kogwada kanadzutsidwa, kanawongoledwa magalasi, nikapatsidwa malo aulemu pamwamba pa kompyuta.

Pomaliza Woumba anapama dongo lathyathyathya ngati mbale kuti onse adindepo zala m'malo mwa kusaina. Achemwali anadinda, Mayi wa Sopo anadinda, Kambewa anadinda ndi chipsera chake. Woumba atadinda panangotsala kadzenje kosalala, kopanda mzere. Anayang'ana kadzenjeko nthawi yaitali, mpaka mchemwali wake anaika mafoni onse awiri pansi, chinthu chimene sichinachitikepo, namuuza kuti asafunefune mizere yake pachala, chifukwa yonse inapita mwa tianthu take, ndipo dziko lakhala likuionera madzulo aliwonse.

Lolemba m'mawa Mkango wa Dongo anafika pakhomo, naika chala pa kamakina kaja monga mwa masiku onse, ndipo kanamukana monga mwa masiku onse. Asanayambe kukatukwana, kumbuyo kwake kunatuluka dzanja lina, chala chachipsera chinagunda pagalasi, chitseko n'kutseguka.

"Tsogolani, alamu," anatero Kambewa. "Ine ndikaike ketulo pamoto, inu mubweretse shuga."